Mwana wanga ndi nkhani za proxy: ndimuletse kapena ndimulimbikitse?

"Mnyamata wanga akumaliza sekondale ndipo akuti adzagwira ntchito yoteteza makompyuta. Koma ndamva kuti amagwiritsa ntchito proxy yaulere potsegula masamba omwe sukulu idatseka. Nditani?"

Mayi, muletseni za proxy yaulereyo, koma chidwi chakecho musachizimitse.

Proxy ndi kompyuta yoima pakati. Mwana wanu akafuna tsamba la pa intaneti, pempho lake limayamba lafika pa proxy, ndipo iyo ndi imene imakatenga tsambalo n'kumubweretsera. Eni tsambalo amangoona adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa kompyuta pa intaneti) ya proxy, osati yake. N'chifukwa chake masukulu ndi makampani amaika yawoyawo: imatseka masamba oopsa, imasunga zomwe anthu amatsegula kawirikawiri kuti zizibwera msanga, komanso imalemba yemwe wapita kuti, nthawi yanji. Palinso ina yotchedwa reverse proxy, yoima kutsogolo kwa maseva (makompyuta osunga masamba) a kampani. Iyi imagawa alendo kuti seva imodzi isalemedwe, ndipo achiwembu amayamba agunda iyo asanafike pa maseva enieniwo.

Vuto lili apa. Chilichonse chosabisidwa chodutsa pa proxy, mwini wake angathe kuchiona. Tsamba likakhala la HTTPS, lomwe limabisa zomwe zikutumizidwa, proxy wamba imangodziwa dzina la tsambalo. Likakhala la HTTP, lomwe silibisa kanthu, imawerenga zonse, ngakhale password. Ndiye proxy yaulereyo mwini wake ndani? Mwana wanuyo sakumudziwa. Ena amaziika dala kuti azikolola mapassword kapena kulowetsa zinthu zoipa m'masamba. Kuwonjezera apo, mwana wanu akuphwanya malamulo a sukulu, ndipo ntchito yachitetezo imalira munthu wodalirika kuposa wochenjera.

Muuzeni achite izi. Apeze kompyuta yakale, aikemo Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta) ndi Squid, pulogalamu yaulere ya proxy yomwe nthawi zambiri imagwira pa port (khomo lolumikizirana) 3128. Alumikize foni yake kudzera pamenepo, kenako atsegule fayilo ya access.log, momwe Squid imalemba zonse zodutsa. Akadzaona mizere ikutsika, foni yake ikulankhula ndi masamba omwe iye sanawatsegule n'komwe, maso adzamutseguka. Akazolowera, ayesenso pulogalamu ya Nginx ngati reverse proxy, zonsezi pa zipangizo zakezake basi.

Za mapepala, masamu ndi Chingerezi asazitaye. Akamaliza sukulu angayambe ndi satifiketi ya za network (kulumikizana kwa makompyuta) ngati CompTIA Network+ kapena CCNA ya kampani ya Cisco, ya zachitetezo ya Security+ ibwere pambuyo. Ine ndimati ayambe wadziwa mmene network imayendera, poti wolemba ntchito adzamupatsa log kuti afotokoze zomwe zachitika.