Funsani Dokotala: Mankhwala olefula minofu pa opaleshoni ya galu

Adokotala, galu wanga anagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza ndipo anathyoka fupa la ntchafu. Adokotala a ziweto akuti akamugonetsa adzamubayanso mankhwala olefula minofu. Kodi ogonetsawo sakwanira? Nanga mlingo wake amaudziwa bwanji? Galuyu amalemera makilogalamu 18.
Mayi wa ku Luwinga

Pepani kwambiri mayi ndi ngoziyi. Fupa la ntchafu likathyoka, minofu yozungulira imakokana n'kupisanitsa zidutswa ziwirizo, moti kuzibwezera m'malo mwake imakhala ntchito yaikulu. Apa ndi pamene mankhwala ngati atracurium, vecuronium kapena rocuronium amathandiza. Amatseka njira imene uthenga wochokera ku ubongo umalowera m'minofu, galu n'kukhala lobodo.

Koma mumvetse ichi: mankhwalawa sagonetsa, ndipo sapha ululu ngakhale pang'ono. Ogonetsa atachepa mphamvu opaleshoni ili mkati, galu akhoza kumamva mpeni koma osatha kulira kapena kuphupha. N'chifukwa chake dokotala amayang'anitsitsa kugunda kwa mtima, malovu ndi misozi, ndipo opha ululu amaperekedwa paokha. Chinanso, minofu yopumira nayo imalefuka. Galu amasiyiratu kupuma, choncho amafunika kapaipi pakhosi komanso makina kapena munthu womupopera mpweya mpaka mphamvu ya mankhwala itatha. Popanda zimenezi, ine sindingalole kuti mankhwalawa akhudze galu.

Mlingo umachokera pa sikelo, osati kungoyerekeza ndi maso. Atracurium nthawi zambiri amaperekedwa mamiligalamu 0.1 mpaka 0.2 pa kilogalamu iliyonse, kudzera mumtsempha. Kwa galu wanu ndiye kuti mamiligalamu 1.8 mpaka 3.6, kadontho kosafika n'komwe theka la mililita. Mukuona nokha mmene kulakwitsa kulili kosavuta. Mphamvu yake imakhala mphindi pafupifupi 20 mpaka 30, ndipo opaleshoni ikatalika amaonjezera kamlingo kocheperapo kuposa koyamba. Kumene kuli zipangizo, amagwiritsa ntchito kamakina kogwedeza mwendo kanayi ndi magetsi ofooka, n'kuwerenga kuti mwendowo wayankha kangati, kuti adziwe ngati mankhwala akugwirabe ntchito. Pomaliza akhoza kubaya neostigmine kuti mphamvu ya minofu ibwerere, pamodzi ndi atropine woteteza mtima kuti usagunde mochedwa.

Kuno ku Mzuzu kuzizira sitingakunyalanyaze, makamaka mu Juni ndi Julaye. Galu wogonetsedwa amataya kutentha msanga, ndipo thupi likazizira mankhwalawa amachedwa kutha. Tengani bulangete lake lakale popita. Muwauzenso adokotala ngati galuyu anabayidwapo gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya, masiku apitawa, chifukwa amakulitsa mphamvu ya olefula minofu. Galu akakhala ndi vuto la impso kapena chiwindi, atracurium ndiye wabwino, popeza amasweka yekha m'magazi osadalira kwambiri ziwalo zimenezi. Chake n'chakuti amafuna kusungidwa mufiliji.

Musachite manyazi kuwafunsa adokotalawo kuti adzamupumitse ndani, komanso ndi chiyani. Dokotala wodziwa ntchito adzasangalala nalo funsoli.

Pomufula galu wanga anamubaya jakisoni womugonetsa, koma maso anali chitsegulire ndipo miyendo inali gwa. Kodi anali kumva?
Bambo wa ku Chibavi

Bambo, zizindikiro zimenezi zikufanana ndi za ketamine. Amagonetsa maso ali otsegula, komanso amaumitsa minofu. N'chifukwa chake galu sapatsidwa ketamine yekha, amamuphatikiza ndi diazepam kapena xylazine kuti thupi lifewe. Awiriwa ndi osiyana ndi amene ndafotokoza pamwambapa, chifukwa akaperekedwa pa mlingo woyenera galu amapumabe yekha. Maso otsegula paokha sakutanthauza kuti ankamva, koma kuuma kwa miyendoko kukuonetsa kuti mwina ofewetsa anachepa kapena anayamba kutha. Tsiku lina akadzafunikanso kugonetsedwa, mudzawauze adokotala zimene munaonazi asanatunge jakisoni.