Mapu a 3D a madzi osefukira: kamera muiyike pati?

Achimwene, mwafunsa ngati makomiti a m'midzi ya ku East Bank muwaonetse mapu anuwo kuchokera kumwamba, kapena muwaveke magalasi a VR aziyendamo. Musayambe ndi magalasi.

Funso likakhala loti Ruo akadzaza n'kukumana ndi Shire pa Chiromo madzi afika midzi iti, kamera ikhale kumwamba, yoyang'ana pansi ndendende, kumpoto kuli pamwamba pa sikirini. Mukaipendeketsa, zapafupi zimakula, zakutali zimafinyika. Mudzi wa kumapeto kwa chithunzi umaoneka ngati wamira pang'ono, chikhalirecho wangotalikira kamera. Mitengo ndi madenga zimabisanso madzi omwe ali kuseri.

Kupendeketsako kuli ndi ntchito yake, yosiyanitsa kumtunda ndi kudimba. Chigwa chathuchi n'chathyathyathya moti mita imodzi kapena awiri, omwe amalekanitsa nyumba yomira ndi yotsala, diso siliwaona. Mu QGIS tsegulani 3D Map View, vertical scale muikweze kasanu, kamera ipendekeke madigiri pafupifupi 45. Mapiri a Thyolo muwadule m'chithunzi, apo ayi adzaza sikirini yonse. Ndipo chonde auzeni anthu kuti mwakokera dala, chifukwa chulu chimaoneka ngati phiri, wina n'kuganiza kuti pakhomo pake madzi safikapo. Samalaninso ndi SRTM ya mamita 30: imaphonya kutalika ndi mamita angapo, ndiye mukakoka kasanu, kuphonyako nako kumakula kasanu. Ngati muli ndi zojambula za drone, gwiritsani zimenezo.

Magalasi abwere pomaliza, pa ntchito imodzi yokha: kuzindikira njira yothawira. Munthu aone mjigo, mlambe uja, pokhotera kupita kusukulu. Koma ali mkatimo amasokonezeka kuti kumpoto n'kuti, ndipo mitunda imamuonekera yaifupi kuposa mmene ilili, choncho musamufunse kutalika kwa ulendo. Akhale pampando, mphindi zisanu zakwana, ndipo azidumpha kuchoka malo ena kufika ena m'malo moyandama, poti kuyandamako ndi komwe kumabweretsa chizungulire ndi nseru.

Musanapite ku Makhanga, yesani ndi anthu asanu osadziwa mapuwo. Pa kaonedwe kalikonse aloze kothawira, inu muzilemba masekondi ndi amene aphonya.