Ana opeza akukana ntchito zapakhomo: yankho kwa mayi amene anandilembera

Mayi ena amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo, ndipo andilola kuti ndiyankhe funso lawo poyera popanda kutchula dzina lawo. Iwo akuti anakwatiwa chaka chatha ndi bambo amene ali ndi ana awiri, mtsikana wazaka 13 ndi mnyamata wazaka 10, ndipo iwonso analowa m'banjamo ndi mwana wawo wamkazi wazaka 9. Akatuma mtsikana wamkuluyo kuti atsuke mbale, iye amayankha kuti, "Inu si mayi anga," n'kukadzitsekera kuchipinda. Poopa kunenedwa kuti akuzunza ana a eni, mayiwa anasiya kutuma ana opezawo, moti ntchito zonse zagwera mwana wawo wobereka, amene tsopano akufunsa chifukwa chimene iye yekha amasesera pamene anzake ali phee kuonera TV. Amuna awo akauzidwa amangoti, "Asiyeni, azolowera." Funso lawo ndi lakuti: "Kodi anawa ndiwaphunzitse bwanji ntchito popanda kuoneka wankhanza?"

Mayi, ndawerenga kalata yanu mofatsa, ndipo ndikuona kuti munthu amene ayenera kuyamba kusintha m'nyumbamo si mtsikanayo, komanso si inu, koma amuna anu. Mwana amamvera munthu wamkulu chifukwa cha ubale umene wakhala ukumangidwa kwa zaka zambiri, ndipo ubale umenewo bambowo ali nawo kale, pamene inu mwangoyamba kumene kuumanga. James Bray, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America amene anatsatira mabanja a ana opeza kwa zaka zingapo, anapeza kuti zaka ziwiri zoyambirira ndi zimene zimakhala zovuta kwambiri, ndiponso kuti zinthu zimayenda bwino ngati pa nthawi imeneyi kholo lobereka ndi limene likupereka malamulo ndi chilango, kholo lopeza n'kumalimbikira kaye kupalana ubwenzi ndi anawo. Nayenso Mavis Hetherington wa pa yunivesite ya Virginia anaona kuti ana amene akulowa kumene m'zaka zaunyamata ndi amene amavutika kwambiri kulandira kholo latsopano. Choncho zimene mukukumana nazo pa mwana wazaka 13, chaka chimodzi chokha chilowereni m'banja, si chizindikiro chakuti mwalephera.

Palinso chinthu china chimene chimabisala kuseri kwa mawu akuti "si inu mayi anga." Ana ambiri amamva ngati kumvera mayi wopeza n'kukana mayi awo owabereka, kaya mayiwo ali moyo kwina kaya anamwalira. Mbale zimene akukana kutsukazo si zimene zikumupweteka. Chikumupweteka ndi mantha akuti akagonja kwa inu, ndiye kuti wavomereza kuti mayi ake alowedwa m'malo.

Komabe sindikugwirizana ndi njira imene mwatenga yongowasiya anawo. Ndikumvetsa kuti munachita zimenezi chifukwa cha chifundo ndiponso kuopa pakamwa pa anthu, koma mwana amene sapatsidwa ntchito iliyonse panyumba amauzidwa mosatulutsa mawu kuti iye ndi mlendo, ndipo mlendo sakhazikika mtima pakhomo. Uku mwana wanu wazaka 9 akuphunzira kuti ukwati wa mayi ake wamusandutsa wantchito wa ana ena, ndipo mkwiyo umenewo akadzakula nawo udzakhala wovuta kuuchotsa kuposa mkangano wa lero.

Khalani pansi ndi amuna anu anawo kulibe, ndipo mugwirizane ntchito zochepa zimene aliyense azigwira. Mukatero, bambowo ndi amene aitane ana onse atatu n'kulengeza ndi pakamwa pawo, inu muli pambali pawo, kuti kuyambira lero nyumba ino iziyenda motere. Zimene mwagwirizanazo zilembedwe papepala n'kulimata pamalo oonekera, pakuti pepala limathandiza kuti lamulo likhale la nyumba osati lanu. Tsiku limene mtsikanayo adzabwerezenso mawu ake aja, mumuyankhe modekha kuti, "N'zoona, ine si mayi ako, ndipo sindikufuna kulanda malo awo. Koma lero ndi tsiku lako lotsuka mbale, monga mmene bambo ako ananenera." Mukanena zimenezi musaonjezerepo kalikonse, musamutsatire kuchipinda, ndiponso musatsuke mbalezo. Nkhani yotsalayo ndi ya bambo ake akafika, ndipo iwo ayenera kuitsatira tsiku lomwelo. Abambo ambiri amene banja lawo loyamba linatha amadziimba mlandu chifukwa cha zimene ana awo anadutsamo, n'chifukwa chake amaopa kuwakhumudwitsa, ndipo ndikuganiza kuti mawu akuti "azolowera" akuchokera pamenepo. Alankhuleni mwaulemu, koma adziwe kuti kukhala chete kwawo kukukusenzetsani udindo umene simungathe kuusenza nokha.

Pogawa ntchito, muziyang'ana msinkhu wa mwana ndi nthawi imene ali nayo, osati kuti anabadwa kwa ndani. Ana a m'mabanja otere amaonetsetsa kwambiri chilungamo, moti amadziwa amene nthawi zonse amapatsidwa kukolopa kubafa ndi amene amangopukuta tebulo. Ntchito zimene aliyense amadana nazo zizizungulira mlungu ndi mlungu, ndipo mnyamatayo asatsale kunja chifukwa chakuti ndi mwamuna, pakuti wazaka 10 akhoza kusesa, kutaya zinyalala, kuyanika zovala ndi kutsuka mbale bwinobwino. Dzina la bambo lilembedwenso papepalapo.

Kutuma ndi kuphunzitsa ndi zinthu zosiyana, ndipo apa ndi pamene inu muli ndi mwayi waukulu. Kuuza mwana wazaka 10 kuti "konza m'chipinda mwako" n'kumupatsa ntchito imene sakudziwa poyambira. Lowani naye, mumuuze kuti ayambe waika zovala zakuda m'basiketi, kenako mugwire mbali imodzi ya bulangeti iye agwire inayo, muyale bedi pamodzi. Tsiku lina ayale yekha inu mukuona, ndipo pambuyo pake mumusiye. Ngati bulangetilo lapendekera mbali imodzi, musalikonze iye akuona, chifukwa akaona mukubwereza ntchito yake adzaganiza kuti palibe chimene angachite choti chikukondweretseni. Mtsikana wamkuluyo mwina amadziwa kale ntchito zambiri, kungoti anaziphunzira mwa njira ya mayi ake. Akapinda matawulo mosiyana ndi mmene inu mumapindira, asiyeni choncho, ndipo mawu akuti "kodi mayi ako sanakuphunzitse?" asatuluke m'kamwa mwanu ngakhale mutakwiya chotani. Ngati pali ntchito imene amaigwira bwino, mufunseni akuonetseni mmene amachitira, n'kumuthokoza pa chinthu chenicheni chimene wachita.

Simunanene ngati anawa amapitanso kukakhala kwa mayi awo masiku ena. Ngati amatero, ntchito zawo zikhale za masiku amene ali kwanu okha, asamapeze mulu wa zochapa ukuwadikira, ndipo akangofika muziwapatsa kanthawi kopuma musanawakumbutse za papepala paja. Malamulo a kunyumba inayo musalimbane nawo, chifukwa ana amatha kuzolowera kuti nyumba ziwiri zimayenda mosiyana.

Zikachitika kuti amuna anu akukanabe kutengapo mbali, musayese kukakamiza ana opezawo panokha. Mupeputsireni mwana wanu katundu pomupatsa ntchito zoyenera msinkhu wake basi, aliyense azisamalira zovala zake ndi pogona pake, ndipo inu ndi bambowo mukaonane ndi mlangizi wa mabanja amene amadziwa za mabanja a ana opeza, chifukwa pamenepo nkhaniyo yasanduka ya pakati pa inu awiri.