Pitani kumaphunzirowo, musawasiyire atcheya okha

Achemwali, mwafunsa m'gulu muno ngati mupite ku maphunziro a yuniyoni, bungwe la ogwira ntchito, omwe achitike Loweruka popanda alawansi. Pitani. Alawansi palibe, inde, Loweruka lanu lipita, mwina ndi ya minibasi mudzilipirira nokha, koma maphunziro a yuniyoniwo pitani. Enanu amene mukuwayankha kuti ndi kutaya nthawi, sanakuitanenipo ku hiyaring'i, kokayankha mlandu wa pantchito pamaso pa mabwana, n'chifukwa chake mukuyankhula motero.

Ine ndinkayendetsa makina pa fakitale ina ku Makata kuno. Yuniyoni inalipo, ndalama ankatidula mwezi ndi mwezi, pa peyisilipu zikuoneka. Koma maphunziro akabwera ankapita anthu omwewomwewo, atcheya, alembi ndi asungichuma. Ulendo wa ku Mangochi, kunyanja. Pobwera ali ndi zikwama zatsopano ndi zisoti, ife tikafunsa kuti mwatitengera zotani, yankho linali lakuti zinayenda bwino makomuredi. Basi. Mabuku amene ankapatsidwa kumeneko sitinawaonepo ndi limodzi lomwe.

Kenako mabwana anayamba kutigwiritsa ntchito mpaka usiku, kupyola maola 48 a pa sabata amene lamulo limanena, ovataimu osaoneka. Tinadandaula mpaka kutopa. Tsiku lina atcheya anatiitanira kuseri kwa kantini nthawi ya nkhomaliro, n'kutiuza kuti mawa aliyense abwere koma makina asalire. Tinaomba m'manja. Mwa ife panalibe amene ankadziwa kuti sitalaka ili ndi njira yake mu Labour Relations Act ya 1996: mkangano umakanenedwa kaye ku unduna wa zantchito, pamakhala masiku 21 oyesa kukuyanjanitsani, zikakanika m'pamene mumapereka notisi ya masiku 7. Mukalumpha zimenezi lamulo silikutetezani. Atsogoleri a yuniyoni aja ankadziwa, si zimene ankaphunzira kunyanjako? Tsiku la sitalakalo atcheya anadwala malungo mwadzidzidzi.

Hiyaring'i yanga sindidzaiiwala. Anandichotsa pa makina ndili mu ovolosi yonunkha girizi, n'kundilowetsa m'chipinda cha mabwana, mozizira ngati mu mochale. Mbali inayo mayi wa HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, manijala ndi mnyamata wolemba. Mbali yanga ine ndi atcheya, amene malungo awo anali atatha. Mlandu anawerenga m'Chingerezi, mothamanga, mawu ena sindinawamve n'komwe, ndipo panalibe wondifunsa ngati ndikufuna wotanthauzira. Anaonetsa kanema wa CCTV, ine ndikuzimitsa makina. Anabwereza. Kenako manijala uja n'kufunsa kuti anakuuzani ndani kuti muzimitse? Ndinatembenuka kuyang'ana atcheya. Iwo maso ali pa kalendala ya pakhoma, foni ili m'manja pansi pa tebulo. Kukhosi kunandiuma. Ndikuyesa kufotokoza za ovataimu, mayi uja akungotakasa tiyi wake, ndipo pansi pa failo yake ndinaona pepala litatulukira pang'ono, dzina langa lili pamwamba, lotayipidwa kale, siginecha ili kale. Ndiye kuti zonse ndinkayankhulazo zinali zongokwaniritsa mwambo. Atcheya anatsegula pakamwa kamodzi kokha, kunena kuti tikuthokoza mabwana potimvetsera. Kuthokoza! Mlonda wa pageti, munthu amene timapemphera naye tchalitchi chimodzi ku Ndirande, ndi amene anauzidwa kuti andiperekeze ku loka ndikavule ovolosi ndi nsapato za kampani. Bambo uja sanathe kundiyang'ana kumaso. Ndinatuluka pageti ndi patapata wobwereka, anzanga akusuzumira pa mawindo, kunyumba landilodi akudikira ya lendi.

Mabwanawo sindiwadabwa, iwo ndi mmene alili, munthu amamuona ngati sipeya ya makina. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi munthu amene tinamusankha tokha, kumuimbira nyimbo pa 1 Meyi, ndalama zathu n'kumadyera chambo kunyanja. Pano ndi supavaiza pamalo pomwepo. Tikakumana mu Limbe amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ine ndimangoyankha chifukwa ndinaleredwa.

Zambiri ndinakazimvera ku ofesi ya Leba, madzi atafika kale m'khosi. Kumeneko ndi kumene anandiuza kuti Employment Act ya 2000, gawo 57, imati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Kuti dandaulo la kuchotsedwa ntchito umakalitula kwa a Leba pasanathe miyezi itatu, zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, yomwe ili kuno ku Blantyre konkuno. Kuti severance, ndalama imene amakupatsa akakuchotsa ntchito, ili ndi kawerengedwe kake: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, masabata anayi kupitirira apo, koma akakuchotsa pa mlandu umene lamulo likuuvomereza, imeneyo iwala. Kuti pa penshoni iwe umadulidwa 5% ndipo bwana amayenera kuikapo 10% yake. Zonsezi munthu akhoza kuziphunzira Loweruka limodzi, pa benchi, ndi botolo la madzi. Kukhoti nkhani zimachedwa, musanamizidwe, ndipo njala siidikira tsiku la mlandu.

Ndiye mukapita, musakangokhala kumbuyo kudikira samusa. Funsani za kusintha kwa lamulo kwa 2021, kumene kunapatsa mabwana mphamvu yodula malipiro sitalaka ikapyola masiku atatu pa chaka. Funsani ngati mamembala pa kampani yanu akukwana 20% ya ogwira ntchito, chifukwa popanda nambala imeneyo bwana sakakamizidwa kukhala nanu pansi kukambirana za malipiro. Funsani ngati yuniyoni yanu ili pansi pa MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni m'Malawi muno, ndiponso kuti ndalama zimene amakudulanizo zimagwira ntchito yanji, akuonetseni pa pepala. Auzeni akuphunzitseni zochita mu hiyaring'i, osati zongowerenga, achite sewero lenileni, wina akhale HR wina woimbidwa mlandu. Mtsogoleri aliyense wopita ku wekishopu azibwera kudzafotokoza pamaso pa anthu, m'Chichewa, apo ayi asapitenso.

Komanso nkhani ya luso musaiphonye. Makampani amapereka 1% ya ndalama zonse za malipiro ku TEVETA kuti zithandize maphunziro a ntchito zamanja, ndiye yuniyoni yanzeru imakankha kuti anthu ake aphunzitsidwe n'kulandira mapepala. Ine makina aja ndinkawadziwa kuposa injiniya wawo, koma potuluka ndinalibe pepala loonetsa kwina. Chimene chikundidyetsa pano ndi kuwotcherera, mageti ndi mabagalaba, osati khadi la yuniyoni.

Tsono kunena zoona achemwali, akakuonani kuti mumafunsa mafunso adzafuna kukusankhani ushopu stiwadi, kukhala woyankhulira anzanu kwa mabwana. Kanani, makamaka ngati muli ndi ana a sukulu. Dziwani lamulo koma musaonekere kutsogolo, kamera imagwira amene ali pafupi ndi switchi. Ndikudziwa wina anena kuti nanga tonse tikakana adzatsogolere ndani, si atsalanso anthu ngati atcheya anga aja? Chabwino, zoona, koma lendi yanga sanandilipirire komuredi aliyense. Pepala lililonse akakupatsani musasaine pomwepo, pemphani mukaliwerenge kunyumba. Makope a kontirakiti ndi mapeyisilipu sungani kwanu, osati mu loka. Ndipo zimene akakugawireni Lowerukalo mujambule pa foni muponye muno, ena tili ndi azibale ku Chirimba amene akugwira usiku popanda ovataimu.