Lipoti lati "RAI 4": kodi thupi lakana chiwindi?

Mayi wina wandilembera imelo. Amuna awo anaikidwa chiwindi cha munthu wina masabata atatu apitawo, lipoti la biopsy (kuyeza kachidutswa ka chiwindicho) lati "RAI 4", nambala yosonyeza mmene thupi likukanira chiwindicho, koma madokotala angowonjezera tacrolimus basi, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha mthupi kuti chisakane chiwindi chatsopano. Akufunsa ngati kumeneku sikunyalanyaza.

Mayi, mwandikhudza pachilonda, chifukwa ine ndi mmodzi wa amene timalemba manambala amenewo. Ntchito yanga ndi kukhala pa maikulosikopu n'kumayang'ana kachidutswa ka chiwindi kotengedwa ndi singano, kochepa ngati ulusi. Timafunamo zinthu zitatu: kuchuluka kwa maselo a chitetezo cha mthupi pamalo pamene mitsempha ndi tinjira ta ndulu timayendera limodzi, kuwonongeka kwa tinjira ta nduluto, ndi kutupa kwa khungu la mkati mwa mitsempha. Chilichonse chimapatsidwa 0 mpaka 3, zonse pamodzi n'kufika 9, ndipo nambala yophatikizayo ndiyo RAI. Muyeso umenewu unatuluka mu 1997, ndipo umatchedwa Banff, dzina la tauni ya kumapiri ku Canada kumene akatswiri a impso anayamba kukumanirana mu 1991. A chiwindi tinangotsatira m'mbuyo, ngakhale dokotala wa opaleshoni Thomas Starzl anali atayesa kale kuika chiwindi mwa munthu mu 1963 ku Denver.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Botolo limabwera ndi fomu yolembedwa dzina ndi funso lokha: kodi akukana? Tsiku la opaleshoni mulibe. Mlingo wa tacrolimus m'magazi mulibe. Matenda amene anapha chiwindi choyamba, zii. Ndimaimba foni, wina ati ali ku thiyeta, wina ati wodwalayo si wake. Pomwe tsikulo ndi lofunika kwambiri, popeza kukana kwamsangaku kumakonda kubwera m'mwezi woyamba. Ndipo galasi la pa maikulosikopu limanamiza! Hepatitis C ikabwerera imaoneka mofanana ndi kukana, ndiye mukathira ma steroid (mankhwala opondereza chitetezo cha mthupi) ochuluka mwaipatsa kachilomboko mpata. Njira ya ndulu ikatsekeka, magazi amaonetsa zomwezo. Mtsempha wobweretsa magazi ku chiwindi, wotchedwa hepatic artery, ukatsekeka ndi magazi oundana, tinjira ta ndulu timafa, chifukwa magazi ake timadalira mtsempha umenewo. Palinso kachilombo ka CMV, palinso mankhwala amene amavulaza chiwindi paokha.

Nthawi zina kachidutswako kamabwera kophwanyika, malo a mitsempha aja osafika asanu, koma andiumirize ndipereke nambala. Ndimakana. Kale ndinkati nambala imathandiza kuti tizimvana. Lero ndikuti siyenera kulembedwa yokha ayi, popanda mawu ofotokoza. Achibale amaiwerenga ngati zotsatira za mayeso, osadziwa kuti akatswiri awiri akhoza kusiyana pa galasi limodzi lomwelo.

Ine chimene ndimaopa si 4. Ndimaopa kukana kwapang'onopang'ono, pamene tinjira ta ndulu tasowa m'malo opitirira theka. Kumeneko ma steroid sathandiza kwenikweni, ndipo ena amafunika chiwindi chinanso.

Tsono mutani?

4 ndi kukana kochepa, ndipo kawirikawiri kumatha ndi kuwonjezera tacrolimus, monga achitiramu. Afunseni madokotalawo ngati anajambula mitsempha ndi Doppler (makina oonera kayendedwe ka magazi), komanso tsiku lobwereza kuyeza magazi. Bambowo asadumphe mankhwala, ndipo maso akachita chikasu kapena thupi likatentha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.