Yankho kwa Azakhali pa za kusalidwa kwa Aluya amene anachira ku Covid-19

Azakhali, ndamva funso lomwe mwafunsa pagulu lathuli, loti kodi n'zoona kuti m'maiko a Aluya anthu ochira ku Covid-19 ankasalidwa ngakhale madokotala atawatulutsa m'chipatala. N'zoona ndithu, makamaka m'miyezi yoyambirira ya 2020, ndipo chimene chinakulitsa vutoli n'chakuti manyazi sankagwera wodwala yekha, koma ankakuta banja lonse ndi dzina lake.

Ndiyambe ndi ku Jordan. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho kunali ukwati mumzinda wa Irbid, kumene anthu ambiri anatenga kachilomboka, mpaka boma linatseka mzindawo ndi asilikali. Eni ukwatiwo ananyozedwa kwambiri pa masamba a mchezo a pa intaneti ngati kuti anachita dala, chikhalirecho mliriwo unali utangoyamba kumene, anthu asanaudziwe bwino. Munthu ankatha kuchira, koma mbiri yoti ndiye anabweretsa matenda m'dera inkatsala.

Ku Iraq nkhani inali yolemera kuposa pamenepo, chifukwa kutengedwa ndi ambulansi anansi akuona, kukabindikiritsidwa kutali ndi abale, ambiri ankakuona ngati chitonzo, ndipo mabanja ena ankakana kuti akazi ndi ana awo aakazi akagone kumalo oterowo popanda wachibale wowayang'anira. Ngakhale maliro ankakanidwa m'manda ena, mwakuti kunatsegulidwa manda apadera m'chipululu pafupi ndi mzinda wa Najaf. Mu Seputembala 2020 boma linalola mabanja kufukula abale awo kuti akawaike kumanda a makolo awo.

Zofananazo zinachitika ku Egypt mu Epulo 2020, m'chigawo cha Dakahlia, kumene anthu a m'mudzi wina anatsekereza maliro a dokotala wamkazi yemwe anamwalira ndi matendawa, mpaka apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi n'kumanga anthu 23. Mtsogoleri wa Al-Azhar, likulu lotchuka la maphunziro a Chisilamu ku Egypt, Sheikh Ahmed el-Tayeb, anadzudzula mchitidwewu poyera, zomwe zikusonyeza kuti tsankholi silinachokere m'chiphunzitso cha Chisilamu monga ena amaganizira, koma m'mantha. Tsono taganizirani, Azakhali, ngati mudzi ukukana mtembo wa dokotala, kodi munthu wamoyo wochokera kuchipatala ukanamulandira bwanji?

Mbali ina ya manthawo inachokera pa kayezedwe. Njira yoyezera kachilomboka yotchedwa PCR imatha kusonyeza kuti munthu ali ndi kachilombo kwa milungu ingapo atachira, chifukwa imaona ngakhale zidutswa za kachilombo komwe kanafa kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake chapakati pa 2020, n'kunena kuti wodwala atha kutuluka m'mbindikiro pakatha masiku 10 chiyambireni zizindikiro, n'kuwonjezerapo masiku ena 3 opanda zizindikiro, popanda kuyezedwanso. Komabe uthenga wotere umayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi mphekesera, choncho wochira ankabwerera kwawo n'kupeza anthu akumuzemba, alendo atasiya kufika pakhomo, pomwe kumaiko amenewa kuyenderana ndi kudyera pamodzi ndiwo maziko a ulemu wa banja.

M'kuona kwanga, choipa chachikulu chinali chakuti ena ataona zimene zinkachitikira anzawo anayamba kubisa matenda, kukana kuyezetsa, ndi kufika kuchipatala mpweya utawathera kale, zomwe inu mukuzikumbukira bwino kuchokera m'zaka zimene Edzi inkatchulidwa monong'ona kwathu kuno. Kusalana kumeneku kunayamba kuchepa pamene matendawa anafalikira kwambiri, chifukwa zinali zovuta kuloza chala pakhomo la mnzako pamene m'nyumba mwako momwe muli wina akutsokomola.