Yesani kaye klatchi musanalole kuti atsitse giyabokisi

Achimwene, ndawerenga zomwe mwafunsa zokhudza Toyota Corolla yanu, kuti mukamakwera chitunda injini imalira kwambiri koma galimoto osathamanga, kuti mumamva fungo la chinthu chopserera, ndiponso kuti makaniko wina wakuuzani kuti giyabokisi yatha. Chonde musatulutse ndalama ya giyabokisi pakadali pano, chifukwa zizindikiro mwatchulazi n'za klatchi yomwe yayamba kuterereka, ndipo mutha kutsimikiza nokha popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya pomwe kutsogolo kulibe munthu kapena khoma, kokani handibuleki mwamphamvu, lizani injini, lowetsani giya yachitatu, kenaka muzitula phazi pa klatchi pang'onopang'ono uku mukupondako mafuta pang'ono. Klatchi ikakhala yabwino injini imazima pompo. Ikapitiriza kulira phazi mutalichotseratu, dziwani kuti mbale ya klatchi yadyeka ndipo sikugwiranso flywheel, chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini. Yesani kamodzi kokha, popeza kuyesaku nakonso kumaotcha mbaleyo. Mukhozanso kuona muli pa msewu waukulu wa M1 muno mu Johannesburg: muli m'giya yachisanu, pondani mafuta mwamphamvu, ndipo muvi wa injini ukakwera koma wa liwiro n'kutsalira, nkhani ndi yomweyo.

Simunanene mmene chopondera cha klatchi chikumvekera kuphazi, ndipo apa m'pofunika. Ngati chafewa kapena chikutsalira pansi, magiya n'kumakukuta polowa, makamaka yoyamba ndi livesi, vuto nthawi zambiri limakhala ku master cylinder kapena slave cylinder, timapampu tiwiri totumiza mphamvu ya phazi ku klatchi. Tsegulani boneti muone ngati brake fluid watsika m'kabotolo, kenaka pisani dzanja kumwamba kwa chopondera ndi pakapeti. Mukapeza chinyontho choterera, master ikudontha, ndipo pa Corolla zambiri zimenezi amakonza osatsitsa giyabokisi. Phokoso lolira mukaponda klatchi n'kusiya mukatula limachokera ku release bearing, kachipangizo kokankha klatchi mukaponda, pomwe lomveka muli pa nyutulo n'kutha mukaponda ndi lomwe lingaloze m'giyabokisi. Mufunseni makanikoyo kuti mwa zimenezi wamva chiti.

Zikapezeka kuti ndi mbale, ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti mugule kiti yathunthu, ndiye kuti mbale, pressure plate (chopanikizira mbaleyo) ndi release bearing. Ndalama yambiri pa ntchitoyi imapita pa kutsitsa ndi kukweza giyabokisi, kotero kusintha chimodzi n'kusiya zinzake zakale m'kati ndi kulipira kawiri. Ine zinandionekera. Ndinalola makaniko wina kuika mbale yokha poti m'thumba munali mopepuka, koma pasanathe miyezi itatu bearing inayamba kulira ngati nkhululu, ndipo giyabokisi inatsikanso pa ndalama yanga. Makiti a LuK, Sachs, Valeo kapena Exedy amapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto muno mu Johannesburg. Pitani ndi nambala ya VIN yolembedwa pa disiki ya layisensi kuti akupatseni yolingana ndi injini yanu, ndipo za klatchi zakusikirapu zisiyeni.

Giyabokisi ikatsika, mukakhalepo ndithu, muyang'ane flywheel ndi maso anu. Ikakhala ndi mawanga abuluu a kupsa kapena timing'alu, aitumize akaipale, apo ayi klatchi yatsopanoyo izidzanjenjemera ponyamuka. Muonenso ngati kuseri kwake kuli oyilo, chifukwa silu ya kumbuyo kwa injini ikamadontha imanyowetsa mbale, ndipo nthawi yoisinthira ndi yomweyi.

Anzathu ambiri sadziwa kuti lamulo la kuno la Consumer Protection Act la 2008 limatiteteza pa nkhani zotere. Wokonza ayenera kukuuzani mtengo ndi kumva chilolezo chanu asanayambe ntchito, muli ndi ufulu wolandira zipangizo zakale zomwe wachotsa, ndipo zatsopano pamodzi ndi ntchito yake zimakhala ndi chitsimikizo cha miyezi 3. Choncho itanitsani lisiti yolembedwa bwino, ngakhale wokonzayo atakhala wakumudzi kwathu.

Misewu ya kuno imadya klatchi msanga. Pamdipiti wa m'mawa pa mphambano ya misewu ya Gillooly's kapena pa zitunda za ku Yeoville ndi Berea, madalaivala amagwira galimoto ndi theka la klatchi m'malo mokoka handibuleki, ena amayenda phazi litatsamira pa chopondera tsiku lonse. Pa maloboti ikani nyutulo, phazi lichoke pa klatchi.

Mwatchulanso za ulendo wakumudzi mu Disembala. Ndi katundu wodzadza komanso ngolo kumbuyo, klatchi yoterereka singakufikitseni ku Mwanza kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo kufera panjira imeneyo kumadula kuposa kiti. Konzetsani kudakali masabata angapo, muyende nayo mofatsa muno m'tauni makilomita mazana angapo kuti mbale ikhazikike musanaisenzetse katundu. Mukayesa mmene ndafotokozeramu, mutiuze ngati injini yazima kapena ayi, komanso chaka cha Corolla yanuyo.